Uphungu wa pa foni: umathandizadi kapena ndi kungotaya bando?

Nachisale wa ku Chinamwali: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso koma chonde musandiseke. Amayi anga anatisiya chaka chatha mwezi wa Ogasiti, ndipo kuyambira pamenepo tulo ndilibe. Ndikagona 10 koloko, 2 koloko maso gwa, basi mpaka tambala kulira. Ndimaphunzitsa sitandade 6, koma masiku ena ndimangoima pa bolodi choko chili m'manja, ana akundiyang'ana, ine osakumbuka kuti ndimanena chiyani. Mnzanga wandipatsa nambala ya mayi wina mlangizi wa zamaganizo yemwe amakhala ku Lilongwe. Akuti amacheza ndi anthu pa WhatsApp, ola limodzi pa sabata, kaya moonana pa kanema kaya mawu okha. Alipo pano anayesapo zimenezi? Zoti kuno ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo ndikudziwa, ndiye musandiuze kuti ndipite ku Mental. Wa kabaza akangonditsitsa pa geti paja, mawa lake Chinamwali yonse yamva kuti aphunzitsi apenga.

Mayi a Tadala: Pepani achemwali. Imfa ya mayi sizolowereka, ine anga anapita zaka zisanu ndi zinayi zapitazo koma ndikamva fungo la thobwa ndimatuluka panja. Za pa fonizo sindinayesepo, ndingodikira nawo mayankho.

Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo: Mwana wanga, pepa kwambiri. Koma ndifunse, kodi achibale ako kulibe? Azakhali ako, amalume ako, amayi a chigwirizano? Ife takula tikulira maliro pamodzi, kugona pa siwa, kumeta, kenako anthu nkumabwerabe kudzakuona mpaka mtima utakhala pansi. Tsopano ukamuuze zamumtima munthu amene sunamuonepo nkhope, sadziwa ngakhale manda a mayi ako ali kuti, nkumulipiranso? Mutu umodzi susenza denga, inde, koma mitu yosenzayo ikhale ya anthu akwanu.

Chisomo M.: Bambo Mbewe ndimakulemekezani, koma ndiyankhepo. Ine banja langa litagwedezeka ndinapita kwa ankhoswe, ndinakhuthula zonse. Sabata isanathe nkhani yanga inali pa mjigo. Kumpingo nako kuli njira yake yofalitsira nkhani mwaulemu: "tiyeni timukumbukire m'mapemphero mlongo wathu uja, mukudziwa kale zimene akudutsamo." Amene samadziwa amadziwira pompo. Ndiye munthu wosadziwa manda a amayi akoyo nthawi zina ndi amene ukumufuna, chifukwa sadziwanso apongozi ako.

Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo: Zimenezo zimachitika, sindikana. Koma nkhoswe m'modzi akakhala wa pakamwa sindiye kuti unkhoswe watha ntchito.

Chisomo M.: Sindinati watha. Ndati ine unandipweteka.

Che Amidu ku Joni: Anthu akwathu, moni kuchokera ku Johannesburg. Ine kwathu ndi ku Songani, ndipo ndinene mosabisa kuti zimenezi ndinazichita miyezi inayi. Mu 2021 ntchito inatha, mapepala anga anali atatha, kunyumba akudikira ndalama, ine ndikugona m'kachipinda ndi anyamata atatu. Ndinafika poti mtima unkangothamanga wokha, thukuta kamukamu, ndikuganiza kuti ndikufa. Kuchipatala anandiyeza nkunena kuti mtima ulibe vuto, ndi nkhawa. Alangizi kuno alipo, koma ukafotokoze bwanji m'Chingerezi kuti ukuopa kubwerera kumudzi chimanjamanja? Mawu ake ndinalibe. Mnzanga anandilumikiza ndi bambo wina wa ku Blantyre, tinkayankhulana Lamlungu lililonse masana. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzimodzi, panalibe zowerengera maola. Ankasakaniza Chichewa ndi Chiyao pang'ono, ndipo tsiku loyamba atangoti "ali uli" ine misozi mbwee. Anandiphunzitsa kapumidwe mtima ukayamba kuthamanga, komanso kulemba m'kope ganizo limene labwera, kenako kulifunsa ngati lili ndi umboni. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Koma zinandigwira dzanja.

Nachisale wa ku Chinamwali: Zikomo Che Amidu. Nanga ndi anyamata atatu m'chipindamo munkayankhulira kuti?

Che Amidu ku Joni: Apo ndiye pali nkhani achemwali. Ndinkapita kupaki, kukhala pa benchi, mahedifoni m'makutu. Tsiku lina mvula inagwa, ndinathera ola lonse pansi pa masitepe a sitolo yotseka.

Sisita Nangozo: Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito ya usiku. Ndine namwino, ndiyankhule pang'ono motalika mundikhululukire.

Choyamba a Nachisale, funso lanu lili ndi yankho. Kwa munthu amene ali ndi nkhawa kapena kukhumudwa kosafika poipitsitsa, kafukufuku wochuluka wa m'maiko ena anaonetsa kuti uphungu wa pa kanema kapena pa foni umathandiza mofanana ndithu ndi wa pamasom'pamaso, makamaka njira imene Che Amidu afotokozayo, yophunzitsa munthu kuyang'anitsitsa maganizo ake ndi zochita zake, imene amaitcha CBT. Mliri wa COVID-19 utabwera mu 2020 alangizi ambiri padziko lonse anasamukira pa foni mokakamizika, ndipo ambiri sanabwererenso kwathunthu. Ndiye si zachinyengo ayi, bola munthuyo akhale wophunziradi ntchitoyo.

Chachiwiri ndi chimene foni singathe. Singakuyezeni magazi, singaone BP yanu. Kusowa tulo, kufooka ndi kuiwalaiwala nthawi zina kumabwera ndi kuchepa kwa magazi, shuga, kapena vuto la chithokomiro. Ine ndaonapo mayi amene aliyense ankati ndi maganizo a maliro, kumuyeza magazi ali pansi kwambiri. Ndiye musanayambe kapena mutangoyamba, pitani kuchipatala wamba mukayezetse. Pamenepo palibe amene angakunongeni chala, aliyense amapita.

Chachitatu, kulira maliro si matenda. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli pansi, zimene munkakonda sizikukomanso, chakudya sichikulowa, ntchito ikukanika, pamenepo chisoni chija chikhoza kukhala kuti chasanduka matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Ena amachira ndi kucheza kokha, ena amafunika ndi mankhwala omwe. Mankhwalawo mlangizi wa pa WhatsApp sangakulembereni, pamafunika dokotala kapena kiliniko ofesa akuoneni.

Mayi a Tadala: Sisita, za chithokomirozo ndamva lero.

Yamikani wa ku Chanco: Ndiponyepo za mapulogalamu akunja aja, chifukwa anzanga ambiri pano amawaona pa YouTube nkumasirira. Yotchuka kwambiri ndi BetterHelp ya ku America. Amalipiritsa m'madola, pa khadi ya kubanki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimenezo kwa mwana wa sukulu wodya bonya ku Chikanda ndi maloto chabe. Komanso mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linalamula kampaniyi kubweza madola 7.8 miliyoni kwa makasitomala ake chifukwa inkapereka zinthu zawo zachinsinsi, monga ma imelo ndi mayankho a mafunso a zaumoyo, kwa Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Ndiye anthu oganiza kuti chinsinsi chili pa intaneti chifukwa palibe mneba, dziwani kuti kumeneko kulinso aneba awo, kungoti sakhala pa mjigo.

Gift Kabaza: Hahaha aneba a pa intaneti. Komatu a Nachisale mwatinyoza ife a kabaza. Ine ndanyamula anthu ambiri kupita kumeneko, sindinauzepo munthu.

Nachisale wa ku Chinamwali: Pepani achimwene, sindimanena inu. Koma anzanu ena pa siteji paja mumawadziwa.

Gift Kabaza: Ndimawadziwa. Ndangokhala chete.

Yamikani wa ku Chanco: WhatsApp yokha ndiyabwinoko, mafoni ndi mauthenga amatsekedwa moti wapakati sangamve. Vuto si pakati, vuto ndi kumapeto kuwiriko. Foni yako ndani amaigwira? Ya mlangiziyo ndani amaigwira? Ana ake samaseweretsa?

Chisomo M.: Apo Yamikani walasa. Ine mwamuna wanga panthawiyo ankatenga foni yanga usiku nkumawerenga chilichonse. Ndikanakhala ndi mlangizi wa pa foni, akanapeza nambala yachilendo yoimba ola lathunthu Lachitatu lililonse, mukuganiza kukanachitika chiyani? Akanati ndi chibwenzi. Ndiye kwa amayi ambiri apabanja njira imeneyi ndi yoopsa kuposa kupita kuchipatala, chifukwa kuchipatala umangoti ndikupita kusikelo.

Mayi a Tadala: Komanso nyumba zathuzi. Yanga ilibe siling'i, khoma silifika kudenga. Ndikatsokomola kuchipinda, wa lendi mnzanga mbali inayo amati pepani. Ndiye ndikalire pa foni ola lonse?

Nachisale wa ku Chinamwali: Ichi ndi chimene sindinachiganizire. Ine ndimangoganiza za geti la chipatala. Kunyumba kuli ana awiri, mwamuna, ndi mng'ono wanga amene tinamutenga amayi atamwalira. Mng'ono wangayo ndiye sindifuna n'komwe andimve ndikulira, amandiona ngati ndine mayi ake tsopano.

Sisita Nangozo: Mwaona, alangizi amene amadziwa ntchito funso loyamba limakhala lomweli: muli pati, muli nokha, pali amene angamve? Akakhala kuti sanakufunseni zimenezi, muyambe kukayika. Chipinda cha uphungu kuchipatala ntchito yake yaikulu ndi chitseko chija. Pa foni chitsekocho umayenera kuchipeza wekha.

Ndinenenso za Mental, poti dzinali lakhala ngati chitonzo. Zomba Mental Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo m'dziko lonse lino, anthu amachokera ku Nsanje, ku Mangochi, kutali, ife tili nacho pakhomo nkumachiopa. Si onse opita kumeneko amagonekedwa. Ambiri amaonedwa nkubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo ndi chaulere. Kumpoto amadalira St John of God ku Mzuzu, yomwe ilinso ndi nthambi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'Malawi muno ndi owerengeka pa zala, ntchito yambiri ili m'manja mwa anamwino ndi makiliniko ofesa. N'chifukwa chake ine foni sindiinyoza. Mzere ndi wautali, ogwira ntchito ndi ochepa.

Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo: Sisita, ndikumva. Komabe mtima wanga sukukhazikika ndi zoti chisoni chilowe pa msika. Mawa tidzayamba kulipira munthu kuti atipepese maliro.

Sisita Nangozo: Bambo, mwina nkhani iyi ikusangalatsani. Ku Zimbabwe kuli dokotala wa zamaganizo dzina lake Dixon Chibanda. Ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa, anayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera momwemo kamvetseredwe ndi kathandizidwe ka munthu kupeza njira pa mavuto ake, nkuwakhazika pa mabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono. Matendawo samawatchula dzina lachizungu, amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Kafukufuku wake anatuluka mu 2016 ndipo anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Agogo omwewo amene inu mukunena, kungoti anawaphunzitsa ziwiri: kumvetsera osathamangira kulangiza, ndi kusunga pakamwa.

Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo: Kumvetsera osathamangira kulangiza. Icho ndiye chovuta kwa ife akuluakulu, ndivomere. Munthu asanamalize ife tatsegula kale vesi.

Chisomo M.: Bambo Mbewe lero mwandigonjetsa ndi chilungamo.

Madalitso wa ku Jali: Inu a m'tauni mukukamba za makoma, ife kuno nkhani ndi netiweki. Kanema sayenda n'komwe, mawu amadukaduka. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 anthu ambiri mbali ya ku Chilwa kuno anataya nyumba ndi mbewu, ndipo mpaka pano alipo amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata sagona, amakhala tsonga kudikira madzi. Amenewo ndi amene akufunika uphunguwo kuposa tonse pano. Koma foni yawo ndi kaduka, ya mabatani ija, kutchaja amalipira pa gulosale, mayunitsi ndi a K200. WhatsApp aitenga kuti?

Yamikani wa ku Chanco: Ya kaduka yomweyo imaimba manambala aulere. YONECO, bungwe lothandiza achinyamata lomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, ili ndi 116 ya ana ndi achinyamata komanso 5600 ya nkhanza za m'banja. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, 54747, cha mafunso a zaumoyo. Si uphungu wa sabata ndi sabata ndi munthu m'modzi yemweyo, koma ndi poyambira.

Madalitso wa ku Jali: Ya 54747 ndimaidziwa, akazi anga ankaimba ali oyembekezera. Zinazo ndalemba.

Gift Kabaza: Nanga amene akumacheza usiku ndi ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha ngati munthu ija? Mphwanga amati ndiye mlangizi wake.

Yamikani wa ku Chanco: Alipo ambiri pano, ena amalemba mpaka 3 koloko. Sichitopa, sichikuweruza, sichilipiritsa. Koma chimakonda kukuvomereza, ndipo ukasowa mawa sichidzakufunafuna.

Adimini: Anthuni, ndachotsa mauthenga awiri. Wina anaika nambala yake akudzitcha dokotala wa maganizo, wina akutsatsa mankhwala ogonetsa. Pano sitigulitsa. Ndipo amene analemba kuti kukhumudwa ndi matenda a anthu okhuta, uthenga wanu nawonso ndachotsa, mukafuna kudziwa chifukwa mundipeze kumbali.

Che Amidu ku Joni: Adimini mwachita bwino. Achinyengo alipo. Ndisanapeze bambo aja ndinatumiza ndalama pa Airtel Money kwa wina amene ndinamuona pa Facebook, chithunzi chake atavala jasi loyera. Tinayankhula mphindi khumi, zonse anangonena kuti ndizilimba mtima ngati mwamuna. Kenako nambala osapezekanso.

Sisita Nangozo: Mufunseni munthuyo anaphunzira kuti, ali ndi pepala lanji, amagwira pansi pa bungwe liti. Akati ndi dokotala kapena kiliniko ofesa, ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Akati ndi namwino, ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Wophunziradi sakwiya ndi funso limeneli. Mumufunsenso kuti tsiku limene zinthu zaipa usiku, iye ali ku Lilongwe inu ku Zomba, muchite chiyani. Akhale ndi yankho, ndipo akupempheni nambala ya wachibale m'modzi amene mumamukhulupirira.

Nambewe: Ndakhala ndikungowerenga. Ndifunse za mchimwene wanga. Ngongole zamupanikiza, katapila, ndipo sabata yatha anauza mlamu wanga kuti bola angochoka padziko anthu apume. Wayamba kugawa zovala zake. Kuchipatala akukana. Ndimaganiza kuti mwina ndimupezere wa pa foniyu poti sizioneka.

Sisita Nangozo: A Nambewe, iyi si ya pa foni ndipo si ya mawa. Munthu akanena mawu amenewo nkuyamba kugawa katundu, timatenga kuti akunenetsa. Lero lomwe pakhale munthu naye, asagone yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe, mapilitsi ndi zingwe. Mufunseni mwachindunji, mofatsa, ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Musamukalipire, musamuuze za gehena. Kenako mupite naye ku chipatala chachikulu cha Zomba Central kapena ku Mental, akakana pitani inu mukafotokoze, akuuzani chochita. Ndakulemberani kumbali, yankhani.

Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo: Mayi Nambewe, ngati mukusowa mwamuna wamkulu woti akakhale naye usiku uno, ndili ku Matawale, njinga ndili nayo. Vesi ndisiya kunyumba.

Nambewe: Zikomo bambo. Ndikuimbirani. Sisita ndaona uthenga wanu.

Gift Kabaza: Mayendedwe akavuta ndiuzeni, sindilipiritsa ulendo umenewo.

Mayi a Tadala: Mutidziwitse chonde zikakhala bwanji.

Nambewe: Mwadzuka bwanji. Tinapita dzulo m'mawa, anavomera atacheza ndi a Mbewe mpaka usiku. Amuona, amupatsa tsiku lobwereranso. Zambiri sindinena pano.

Nachisale wa ku Chinamwali: Ndabweranso patatha masabata awiri, poti ena munandifunsa kumbali. Magazi ndinakayezetsa, ali bwino, BP ndiyo inakwera pang'ono. Mayi a ku Lilongwe aja ndinawafunsa mafunso onse a Sisita, anayankha osanyinyirika, mpaka ananditumizira chithunzi cha pepala lawo. Malo ndinapeza: kalasi yanga yomwe, ana akaweruka. Ndimakhoma chitseko, ndimakhala pa desiki ya kumbuyo.

Ulendo woyamba tinayamba ndi kanema, koma nkhope yawo inkangouma pakamwa pali yasa, ndiye tinazimitsa nkutsala mawu okha. Ndinapeza kuti mawu okha ndi abwino kwa ine, sindimadziona ndikulira. Anandifunsa kuti 2 koloko ndikadzuka chimabwera m'mutu n'chiyani. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, ngakhale bambo a kunyumba: tsiku limene amayi anamwalira anandiimbira m'mawa, ine ndinali m'kalasi, ndinadula foni ndikuti ndiwaimbira pa buleki. Ndiye ndili pakati pofotokoza zimenezi, mawu akukanika kutuluka, netiweki inaduka. Ndinakhala ndekha m'kalasi muja ndi foni yozizira m'manja, mwina mphindi zinayi. Zinandiwawa kwambiri mphindi zimenezo, sindikufuna kunama. Pamasom'pamaso munthu sangazimiririke choncho. Anaimbanso pa foni wamba ndi mayunitsi awo, nkunena kuti "ndilipo, munalekezera pa buleki." Anali akumvadi.

Tulo sitinabwerere kwenikweni. Usiku wa Lachisanu ndinagona mpaka 4 koloko, ndiye kaya ndi chiyambi kaya zinangochitika. Ndalama yake ikundipweteka, pa malipiro a mphunzitsi sindingakwanitse sabata iliyonse, tagwirizana kawiri pa mwezi.

Chisomo M.: Mwalimba mtima achemwali. Za foni ya m'mawa ija, ndilibe mawu, ndangokhala nanu.

Sisita Nangozo: BP ija mukayezetsenso pakatha mwezi. Ndipo mugwirizane nawo kuti netiweki ikaduka woimba ndi ndani, kuti musamadikirirane.

Che Amidu ku Joni: Kalasi ndi yabwino kuposa masitepe anga aja.

Nachisale wa ku Chinamwali: Ili ndi vuto lake. Alonda a pasukulu anagogoda ulendo wachiwiri, akuti anamva kulira amaganiza kuti mwana watsekeredwa. Ndinawauza kuti ndimayeserera sewero la ana. Tsopano akufunsa kuti sewerolo lidzaonetsedwa liti.

Gift Kabaza: Ndiye mulembe sewerolo basi aphunzitsi, tidzabwera.

Madalitso wa ku Jali: Sisita, ndibwerere ku za agogo a pa benchi zija. Kuti zoterozo zifike kuno ku Jali munthu angayambire kwa ndani, kwa amfumu kapena kwa alangizi a zaumoyo? Amayi anga aakulu amamvetsera bwino, kungoti pakamwa ndiye tikafunika kugwirapo ntchito.